Lolemba, 5 Epulo 2021: GR 86 yaoneka, turbo palibe

Lero ku Japan, Toyota ndi Subaru avundukula limodzi galimoto zawo ziwiri zaliwiro zimene amapangira limodzi, GR 86 ya Toyota ndi BRZ ya Subaru, pa mwambo umene waulutsidwa pa intaneti. BRZ yatsopanoyi tinaiona kale mu Novembala chaka chatha pamene Subaru inaionetsa ku America, ndiye maso a anthu lero anali pa ya Toyota. Injini ndi ya malita 2.4, ya masilinda 4 ogona chammbali, awiri uku awiri uko. Mphamvu yake ndi 235 PS (mahatchi) pa 7,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi), ndipo torque, mphamvu yokoka, ndi 250 Nm pa 3,700 rpm. Ya giya ya pamanja ikulemera makilogalamu 1,270, ndipo Toyota ikuti ikufika pa 100 km/h m'masekondi 6.3, pomwe 86 yakale inkatenga 7.4. Injini ili kutsogolo, yokankha ndi matayala akumbuyo monga kale. Ku Japan iyamba kugulitsidwa chaka chino chisanathe. Mtengo sanatchule.

Tsiku lisanapendeke, dandaulo lomwe lija la 2012, pamene 86 yoyamba inatuluka, linali litabwerera: turbo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini, ili kuti? Odandaulawo ali ndi poyambira. Injini imeneyi, FA24, Subaru imaiika kale ndi turbo mu galimoto zake za Ascent ndi Outback ku America, kumene imatulutsa mahatchi 260. Ndiye anthu ambiri anangoti basi aitenga yomweyo n'kuiponya mu 86.

Ine ndikuona kuti achita bwino kusatero. Turbo sibwera yokha. Imabwera ndi intercooler yoziziritsa mpweya, mapaipi ake, radiator yokulirapo, kilatchi yolimba, ndipo giyabokisi ndi difu nazo ziyenera kukula kuti zipirire. Zonsezi ndi kulemera, ndipo kwambiri kumagwera kutsogolo, pamwamba pa matayala okhotetsa. Pa ma Subaru ambiri intercooler imakhala pamwamba pa injini, ndiye boneti iyenera kukwera, pamene ubwino wonse wa galimotoyi unali wakuti injini inakhazikidwa pansi kwambiri ndi chakumbuyo. Kenako mtengo. Toyota ili kale ndi GR Supra ya malita 2.0 ya turbo, ya injini ya BMW yotulutsa 258 PS. 86 ya turbo ikanakwera mtengo mpaka kukagundana ndi mkulu wakeyo, ndipo wachinyamata amene galimotoyi inapangidwira sakanaifikiranso.

Nambala yofunika lero si 235 ayi, koma 3,700.

Aliyense amene anayendetsapo 86, BRZ kapena Scion FR-S (dzina la 86 ku America) yoyamba amadziwa vuto lake. Injini ya FA20 inkatulutsa 205 Nm, ndipo itakonzedwanso mu 2016 ya giya ya pamanja inafika pa 212 Nm, koma mphamvu imeneyo inkabwera kumtunda kwenikweni, cha m'ma 6,400 rpm. Choipa kwambiri chinali pakati. Kuyambira cha m'ma 3,500 kufika cha m'ma 4,500 rpm torque inkatsika m'malo mokwera, ndipo pa pepala la dyno, makina oyezera mphamvu ya injini, pankaoneka dzenje looneka ndi maso. Pamsewu zinkatanthauza izi: muli mu giya 4 kumbuyo kwa thiraki, mpata wapezeka, mwaponda, galimoto ikungolira koma osakoka mpaka singano idutse 4,500. Wodziwa ankatsitsiratu magiya awiri asanatuluke mu mzere. Eni ake ambiri ankathetsa vutoli posintha manifodi a ekizozi n'kulembanso pulogalamu ya kompyuta ya injini. Kusintha manifodi okha osakhudza kompyuta kunkangochepetsa dzenjelo, nthawi zina n'kuyatsa nyali ya injini pa dashibodi.

Ndiye chimene achita pano n'chakuti akulitsa m'mimba mwa silinda kuchoka pa mamilimita 86 kufika pa 94, koma mtunda umene pisitoni imayenda ausiya pa 86 pomwepo. Zikutuluka 2,387 cc m'malo mwa 1,998. Akanatalikitsa ulendo wa pisitoni, injini ikanakula m'lifupi, zimene pa injini yogona chammbali ndi vuto chifukwa mitu yake ili kale pafupi ndi chasisi mbali zonse ziwiri. Komanso pisitoni ikanamathamanga kwambiri pa ma rpm omwewo, n'kukakamiza kuti malire ofiira a rpm atsike. Mwanjira imene asankhayi injini ikuzungulirabe kupitirira 7,000, kompresheni ikadali 12.5:1, ndipo majekiseni a petulo akadali amitundu iwiri a D-4S, ena opopera m'silinda momwemo, ena m'njira ya mpweya. Awa a m'njira ya mpweyawa ndi amene amatsuka mavavu kuti asaunjikane mwaye, vuto limene limasautsa injini zopopera m'silinda mokha.

Mphamvu yokoka yonse tsopano ikufika malo enieni amene yakale inkafookera. Koma nambala imodzi sinena zonse. Chofunika kudikira ndi pepala la dyno la anthu amene si a kampani, kuti tione ngati mzerewo ukuyenda mosalala kuchoka pa 3,700 kufika pa 6,000 kapena ngati ukutsikabe pang'ono pakati.

Za thupi ndinene mwachidule. Denga ndi mafenda akutsogolo tsopano ndi a aluminiyamu, kuwonjezera pa boneti, ndipo Toyota ikuti thupi lalimba pafupifupi 50 peresenti pa kupotokola. Utali ndi mamilimita 4,265, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo 2,575, kungowonjezera 5 pa yakale. Kunena zoona, pansi pake ndi galimoto yomwe ija yokonzedwanso, ndipo palibe choipa pamenepo. Fakitale ndi yomweyonso, ya Subaru ku Gunma.

Matayala ndiwo akundiganizitsa. Yoyamba ija inabwera ndi Michelin Primacy HP a 215/45 R17, matayala amene ankapezekanso pa Prius, ndipo anthu anaseka kwambiri. Koma Tetsuya Tada, injiniya wamkulu wa 86 yoyamba, ndi gulu lake anasankha dala. Tayala losagwira kwambiri limalola kumbuyo kuterereka pa liwiro lochepa, mwapang'onopang'ono, moti woyendetsa amamva zikubwera n'kuphunzira kubweza chiwongolero. Yatsopanoyi yalembedwa 215/40 R18, ndipo BRZ ya ku America yapamwamba ili ndi Michelin Pilot Sport 4. Kukula kwake m'lifupi n'chimodzimodzi, koma mphira ndi wina, wogwira msewu kwambiri. Galimoto ikhota mofulumira, inde, koma ikadzaterereka idzakhala ili pa liwiro lokulirapo, ndipo mpata wokonza udzakhala wochepa.

Tayala logwira limabweretsanso nkhani ya oyilo. Pa injini yogona chammbali, mukakhota nthawi yaitali mwamphamvu, oyilo amathawira ku mutu wa mbali yakunja n'kuchedwa kubwerera mu sampu, mosungira oyilo pansi pa injini. Akachepa pamene pali kamwa ka paipi yoyamwa, pampu imakoka mpweya, mphamvu ya oyilo imagwa, ndipo zoyamba kupsa ndi mabering'i a ndodo za pisitoni. Woyenda m'tauni sizimukhudza. Wopita nayo ku bwalo la mpikisano ayenera kuyeza oyilo asanalowe ndiponso akatuluka, kuika geji ya mphamvu ndi ya kutentha kwa oyilo, ndi kuganizira zoika mbale zotchinga mu sampu. Awonjezerenso mapadi a mabuleki opirira kutentha ndi mafuta a mabuleki a DOT 4 atsopano, chifukwa a ku fakitale amafewa msanga akatenthedwa mobwerezabwereza. Zimenezi zimathandiza kuposa mahatchi 30 owonjezera.

Amene akuti adzangoikapo turbo okha akumbukire zimene zinachitikira FA20. Kompresheni ya 12.5:1 siifuna mpweya wambiri wokankhidwa, ndipo ndodo za pisitoni zinkapindika torque ikabwera yambiri pa ma rpm otsika. Amene anapambana ndi amene anaika mpweya wochepa, petulo wabwino, choziziritsa oyilo, ndi pulogalamu yolembedwa pa dyno ndi munthu wodziwa.

Kwathu kuno nkhani ya lero itikhudza mwanjira ina. Yatsopano ikayamba kugulitsidwa, eni akale ku Japan ayamba kutulutsa zawo, ndipo zina zidzatsika pa doko la Dar es Salaam monga zimachitira galimoto zina zambiri za ku Japan. Wofuna 86 ya 2012 kapena 2013 afunse kaye za masipuling'i a mavavu. Mu 2018 galimoto za zaka zimenezo zinaitanidwa kuti masipuling'iwo asinthidwe chifukwa ankatha kuthyoka. Ntchitoyo imafuna kutsitsa injini ndi kumatanso zivundikiro ndi silikoni, ndipo pamene makaniko anapaka wambiri, zidutswa zinkagwera mu sampu n'kutseka sefa ya paipi yoyamwa oyilo. Galimoto ikafika, ndi bwino kumasula sampu, kuyang'ana sefayo ndi tochi, kuchotsa zidutswa, kumata ndi mzere wopyapyala, kenako kuthira 0W-20 pafupifupi malita 5 ndi theka pamodzi ndi fyuluta yatsopano. Mvetseraninso kilatchi: phokoso lolira mukaponda kapena kusiya pedulo limasonyeza bering'i yokankha kilatchi, yomwe inkatha msanga pa zoyambirira. Mapulagi nawo ali pothina pakati pa mutu ndi chasisi, moti buku la kampani limati injini inyamulidwe pang'ono posintha. Ndipo pansi pake ndi mamilimita 130 okha kuchoka pa msewu, choncho mahampu ataliatali muziwakwera chopingasa ndi pang'onopang'ono. Petulo imafuna wa okiteni yapamwamba. Ikapatsidwa wofooka kompyuta imabweza moto m'mbuyo ndipo mphamvu imachepa.

Chatsala ndi mtengo. Yoyamba inayamba pa mayeni 1,990,000 ku Japan mu 2012, ya mtundu wa RC wa marimu achitsulo wopanda ngakhale eyakoni, wopangira anthu oti akaikonze okha. Ndikuyembekezera kuti mtundu wotere ukhalaponso, wa giya ya pamanja ndi difu ya Torsen yoletsa tayala limodzi kuzungulira lokha, ndipo ndi mtengo wa umenewo umene ndikufuna kumva Toyota ikadzalengeza.