Chipinda cha ana: pomwe ndafika ndi shelefu, madengu ndi kachidole kaja

Amayi anzanga, ntchito yokonza chipinda cha ana ija ikuyenda ndithu ngakhale pang'onopang'ono, poti nthawi yake ndi usiku basi anawa akagona. Shelefu yatha, madengu oluka atsala pang'ono, kachidole kali ndi mutu ndi thupi koma manja sindinalumikize, thabwa loyezera msinkhu lokha nde sindinaliyambe nkomwe.

Ndiyambe ndi shelefu chifukwa ndi imene yandisangalatsa kuposa zonse. Ndi ya matabwa wamba, mizere iwiri, yaifupi moti wamng'onoyu amene sanakwanitse zaka ziwiri amafikira pamwamba pake osanyanyamphira. Nzeru imeneyi si yanga ayi, ndinaitola powerenga za Maria Montessori, dokotala wa ku Italy uja amene anatsegula sukulu yake yoyamba ya tiana ku Rome mu 1907. Mayi ameneyu anaika timipando, timatebulo ndi mashelefu a msinkhu wa ana kuti mwana azitenga yekha chinthu ndikubwezeretsa yekha osadikira munthu wamkulu. Ine nditaona ndinati koma zoona, ife timakongoletsa chipinda cha mwana titaimirira, zithunzi mmwamba, zidole pamwamba pa kabati, mwini chipinda iye akuona miyendo ya bedi yokhayokha. Nde ndinagwada pansi nkuyang'ana chipinda chonse mmene iye amachionera, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse ndikuchitsitsa.

Pashelefupo sindiika zidole zonse. Ndimaika zochepa, chilichonse pamalo pake, zinazo zili mu katoni ndipo ndimasinthanitsa ndikaona kuti izi zawakwana. Galimoto yomwe anaitaya kalekale ikatuluka mu katoni muja amailandira ngati mlendo wochokera kutali.

Shelefuyi abambo awo anaimangirira kukhoma ndi masikuluu, pamodzi ndi kabati ya zovala. Chonde ichi musachitenge mopepuka. Mwana akatsegula madirowa nkuyamba kukwera, kulemera konse kumapita kutsogolo ndipo kabati imamugwera. Mu 2016 kampani yogulitsa mipando ndi makabati ya IKEA inauza anthu ku America kuti abweze makabati ake okwana 29 miliyoni ana ena atamwalira mwanjira yomweyi. Kachitsulo kamodzi kakang'ono kumbuyo kwa kabati, nkhawa yonse yatha.

Tsopano madengu. Apa nde mtima wanga uli. Ndikuluka ndi ulusi wopanga ndekha kuchokera ku matisheti akale, ndipo amene simunayesepo yesani. Mumayala tisheti patebulo, kudula kuchotsa mpendero wammunsi ndi chigawo chammwamba kuyambira mkhwapa, kutsala chinsalu chozungulira chija. Kenako mumadula timizere mopingasa, mulifupi mwake masentimita awiri kapena atatu, koma osafika kumapeto, mbali imodzi mumasiya pang'ono osadula. Mukatero mumatambasula mbali yosadulayo nkumadula mopendeketsa, kuchoka pa mzere uwu kupita pa wotsatira, nde chonsecho chimasanduka chingwe chimodzi chachitali chopanda mfundo. Pokoma ndi pokoka. Mukachikoka mmphepete mwake mumapindika mokha nkukhala kachingwe kobulungira kosalala, wamkuluyu ntchito imeneyi ndi yake ndipo salola wina aigwire. Matisheti opanda msoko mmbali ndi amene amatulutsa ulusi wabwino, ndipo okhala ndi zolembalemba zapulasitiki pachifuwa aja sapindika bwino, asiyeni.

Singano yake ndi ija ya kangowe kumapeto, yaikulu, ya mamilimita 10 kapena 12. Pansi pa dengu ndimaluka mozungulira nkumawonjezera maso mzere uliwonse kuti pakhale pafulati, pakakula mokwanira ndimasiya kuwonjezera ndipo khoma la dengu limayamba kukwera lokha. Mukafuna dengu loima chilili lukani mothinitsa. Zala zimawawa, sindinama, ulusi umenewu ndi wolemera ndipo dzanja limatopa msanga kusiyana ndi wulu, nde ndimaluka pang'ono nkupumira. Koma dengu lake ndi lofewa, mwana akaligwera sapweteka, akalikoka pansi silikanda, likada mumangolichapa. Lamabuluu ndi la timatabwa tomangira nyumba, lachikasu la tinsalu ta zidole, lomwe ndili nalo mmanja panoli ndasakaniza mitundu chifukwa matisheti amtundu umodzi anatha, ndipo likuoneka bwino kuposa anzake.

Kachidole kaja ndikuluka ndi ulusi wa thonje, nkakalulu. Maso ake ndasoka ndi ulusi wakuda, sindinaike mabatani kapena timaso tapulasitiki togula tija, ngakhale amatitcha totetezeka, chifukwa mwana wosakwana zaka zitatu chilichonse chimathera mkamwa ndipo pa choluka timatha kusololoka. Opanga zidole ali ndi kachitini koyezera, kukamwa kwake ndi mamilimita 31.7, chinthu chikalowa chonse mmenemo nde kuti mwana wamng'ono angatsamwe nacho. Ife kunyumba tingogwiritsa ntchito kachikatoni ka mkati mwa tishu, nkokulirapo pang'ono nde nkabwino kale. Ine mikanda, mabatani, timipira, chilichonse cholowa mmenemo chili mu chitini chotseka pamwamba penipeni, wamkulu amasewera nazo mng'ono wake akagona.

Chinanso chomwe ndinachikana ngakhale chimakongola, timagetsi tokoloweka tija toyendera timabatire tobulungira taphwatalala. Kabatire kameneka mwana akameza nkukakamira pammero kamatha kuwotcha mnofu mkati mwa maola awiri okha. Ngati pa chivindikiro chake palibe sikuluu, mchipinda cha ana musalowe.

Zojambula za ana ndazipezera malo osavuta, chingwe chachifupi chokokedwa kwambiri kukhoma ndi mapegi a zovala omwe tinapenta limodzi. Ichi chokha ndachikweza pomwe wamng'ono safikira chifukwa chingwe ndi khosi la mwana siziyenderana, koma wamkulu amafikira ndipo amasankha yekha chojambula choti chikhalepo. Dzulo anachotsa chimene ine ndimachikonda, cha nyumba ndi dzuwa, nkupachika china cha mizere yofiira yokhayokha akuti ndi mphepo. Ndinachisiya pompo, khomalo ndi lake.

Pa penti ndimagula wosungunula ndi madzi, ndipo ndimawerenga pachitini kuti mulibe mtovu. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amanena kuti palibe mlingo wa mtovu womwe uli wabwinobwino mthupi, ndipo umaononga ubongo wa mwana womwe ukukula. Nchifukwa chake mipando yakale yopentedwa kale yomwe sindikudziwa mbiri yake sindiipala ndi sandipepa mnyumba, fumbi lake ndi limene limavuta. Shelefu ija inali ya thabwa latsopano, ndinangoisalaza mmakona nkuipaka kawiri, nkuisiya panja mpaka fungo litatheratu.

Chotsatira ndi thabwa la msinkhu. Ndasankha thabwa osati kulemba pakhoma chifukwa tsiku losamuka khoma limatsala koma thabwa mumanyamula. Ndikufuna lidzapachikidwe masentimita 20 kuchoka pansi, nde manambala ayambira pa 20 osati pa ziro, mizere ndijambula kaye ndi pensulo ndi tepi yoyezera ndisanaike penti. Pomwe ndaima ndi pa mtundu, wamkulu akufuna wobiriwira, ine ndimafuna thabwa lioneke mmene lilili kuti zolemba za madeti zizioneka bwino. Mwina ndipenta mmphepete mokha mobiriwira pakati nkusiya. Koma kaye manja a kalulu, chifukwa mwini wake akumagona naye kale opanda manja choncho ndipo ndiyenera kumuba usiku kuti ndimalize.