Sabata imodzi pa Chisi, pakati pa njedza ndi nkhono

Abale anga a m'tauni ya Zomba akamva kuti ndimagwira ntchito pachilumba cha Chisi, pa nyanja ya Chilwa, amathamangira kufunsa za ng'ona ndi mvuu. Ine ndine mlangizi wa zaumoyo, ndipo kanyama kamene kamandisowetsa tulo kuno n'kochepa ngati chikhadabo: kankhono kam'madzi kofalitsa likodzo.

Lolemba linali la sikelo. Timachitira pansi pa mlambe waukulu, sikeloyo timaipachika pamtengo umene tinazika pambali. Ndikumanga chingwe, mayi wina anakuwa, "Adokotala, taimani pomwepo!" Mphiri inali itagona pamasamba ouma, mapazi awiri okha kuchokera pamene ndinaima, ikuwothera dzuwa poti kunazizira. Mphiri sithawa munthu, imangofufuma n'kumapemerera, ndipo mawanga ake amafanana ndi zinyalala. Agogo ena aamuna anainyamula ndi nsungwi yaitali n'kukaitaya kuthengo, anyamata akudandaula kuti bwenzi ataipha. Tinasuntha mphasa, ana tinawayeza onse. Awiri ndinawapeza kalamba koyezera mkono kakufika pofiira, ndipo ndinawalembera kuti akayambe kulandira chiponde.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinayenda khomo ndi khomo kuona zimbudzi, mipondagiya ndi maneti. Pakhomo pena ng'azi inatuluka m'khola la nkhuku dzira lili kukamwa, ana n'kuithamangitsa mpaka kumiyala. Chimene chinandipweteka mtima n'chakuti neti ina yogona ndinaipeza itayanikidwa padoko, ikununkha matemba, pamene mwana wa m'nyumbamo wadwala malungo kawiri chaka chino. Bambo wake sindinawakalipire. Ndikudziwa kuti ndiwo za tsiku limenelo zinachokera m'neti momwemo. Tinakhala pansi n'kukambirana, koma ndinachoka mtima uli wolemera.

Lachinayi ndiye tsiku limene ndimalikonda, ngakhale limatopetsa. Tinanyamuka m'mamawa pabwato kupita ku zimbowera, tinyumba timene asodzi amamanga pamwamba pa madzi, pa njedza zopindapinda. Chilwa ndi nyanja yosaya, moti woyendetsa bwato amangokankha ndi nsungwi yofika pansi. Tikulowa m'kanjira kapakati pa njedza, atsekwe anadzambatuka pafupi penipeni, mapiko akuwomba ngati munthu akukung'untha mphasa, akakowa ali ndanda m'mbali osatekeseka. Mbalame zimenezi ndi zina mwa zifukwa zimene nyanjayi inalowera m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse. Anthu akuno amazidziwa mwa njira ina, poti nsomba zikasowa, misampha ya mbalame ndiyo imadyetsa mabanja.

M'chimbowera choyamba tinapeza amuna anayi akuwamba milamba ndi makumba, utsi uli tolo. Pansi pamanjenjemera ukaponda. Ndinaona mnyamata akutunga madzi ophikira nsima pakhomo pomwepo, ndipo chimbudzi chawo ndi madzi omwewo, kuseri kwa kanyumbako. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Phalombe ndi ina imangothiramo, chimene chalowa chimakhala momwemo. N'chifukwa chake kolera akabuka kuno amayenda msanga. Wamkulu wawo anakumbukira katemera wakumwa wa mu 2016, pamene asodzi a m'zimbowera ankapatsidwa botolo lachiwiri kuti adzamwe okha masiku akakwana. "Achimwene, ine ndinamwa onse awiri," anatero akundipatsa mlamba wowamba. Ndinawasiyira kolorini ndi Thanzi, n'kuwaonetsa muyezo wa koloriniyo pa chigubu cha malita 20, ndipo ndinamuuza mnyamatayo kuti athire yekha ine ndikuona.

Lachisanu mphunzitsi wina anandibweretsera mwana wa zaka ngati khumi amene anzake ankamuseka. Titapatuka, anandinong'oneza kuti akamamaliza kukodza kumatuluka magazi, ndipo ena anamuuza kuti ndiye kukula kumeneko. Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri ndipo amandiwawa. Ndinapita naye padoko, ndinazula tsinde la udzu wam'madzi n'kumuonetsa tinkhono titatu titamatirira. Ndinamufotokozera kuti munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa n'kulowa m'nkhonomo, kenako timatuluka tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaboola khungu la wosamba kapena wochapa. Mankhwala ake, praziquantel, amagwira bwino ntchito, ndipo ndinamulembera kalata yopita nayo kuchipatala pamodzi ndi mayi ake. Koma sindikanamuuza kuti asayandikirenso nyanja. Kusamba ndi komweko, kuwedza ndi komweko, bwato lopita kumtunda amakwerera m'madzi ofika m'mawondo. Ndinangomupempha kuti asamakodzeremo, ndiponso kuti mankhwala akabwera kusukulu asadzathawe.

Loweruka ndinayenera kuwoloka kupita kudoko la Kachulu, kumtunda, ndi malipoti a mwezi. Mwera unawomba kuyambira usiku, madzi ali matope okhaokha, ndipo eni mabwato anakana kunyamuka. Agogo ena amene tinkadikira nawo anandiuza kuti mu 1995 ndi mu 2018 nyanja itaphwa, ulendo womwewu ankauyenda wapansi, ena panjinga. Tinakhala pamenepo mpaka mphepo inazizira chakumasana. Mapepala ndinawakulunga m'jumbo ziwiri, ndinavula nsapato, n'kulowa m'madzi kukakwera bwato.