Loweruka: rhombus yomwe ana anaiyesa sikweya

Kwacha ndi chisanu lero, chija cha kuno ku Dedza chomwe sichidikira kuti mwezi wa Juni ufike. Ndinapangana ndi a Fomu 4 kuti tikumane 8 koloko tibwereze masamu, koma pofika hafu pasiti m'kalasi munali ana 23 okha. Sindinakwiye. Anthu akukolola, ndipo kholo likanena kuti lero tonse kumunda, MSCE imayamba yaima kaye.

Ndinalemba pa bolodi funso lomwe ndinapanga ndekha usiku: A(1, 2), B(5, 4), C(7, 8) ndi D(3, 6). Onetsani kuti ABCD ndi parallelogram. Onetsani kuti ndi rhombus. Kodi ndi sikweya? Perekani chifukwa. Pomaliza pezani area yake. Ndinawapatsa mphindi 15, ine n'kumazungulira manja ali m'thumba.

Zomwe ndinaona ndi zomwe ndimaona chaka ndi chaka. Ndisanamalize n'komwe kupukuta choko m'manja, kakyuleta inali itayamba kale kuyenda kuchoka pa desiki ina kupita pa ina, poti imodzi amagwiritsa ntchito anthu anayi. Ena anapeza kutalika kwa AB, BC, CD, DA, AC ndi BD, zonse zisanu ndi chimodzi, tsamba lodzaza bwino, kenako n'kukhala duu osadziwa kuti manambalawo apite nawo kuti. Mnyamata wina wa kumbuyo, uja amabwera pa njinga yopanda mabuleki, anajambula chithunzi chooneka bwino ndithu ndi lula, pansi pake n'kulemba m'Chingerezi kuti malinga ndi chithunzichi, ABCD ndi rhombus. Anapinda manja kudikira kuti ndimuyamikire.

Ndinamufunsa kuti, "Iwe, mbuzi yako itapezeka m'khola la munthu wina, ukapita kwa amfumu ukanena kuti chiyani?"

"Ndikanena kuti ndi yanga, aphunzitsi."

"Akakufunsa kuti tidziwa bwanji?"

"Imaoneka kuti ndi yanga."

Kalasi yonse inafa ndi kuseka, iyenso anaseka. Kubwalo kumafunika mboni, ndipo wochonga mayeso ku MANEB sasiyana ndi amfumu pamenepa. Chithunzi chimakuthandiza iwe wolembawe kudziwa kolowera, koma payekha sichingakupezere malikisi pa funso loti onetsani.

Ma formula ana awa amawadziwa ngati Atate Wathu. Ukawadzutsa pakati pa usiku akuuza gradient, midpoint ndi distance osaphonya. Pomwe pamavuta ndi poti sadzifunsa kaye kuti, kuti chinthu chitchedwe parallelogram, chofunika kuonetsa n'chiyani kwenikweni? Ndiye ndinawalanda makakyuleta onse n'kuwaika pa tebulo langa. Ndinati palibe wogwira nambala mpaka aliyense atalemba m'mbali mwa kope chimene akufuna kutsimikiza. Zinatenga nthawi. Mapeto ake tinagwirizana kuti mbali zoyang'anizana zikhale parallel, zosakumana ngakhale zitatalikitsidwa, kutanthauza kuti gradient yake, kapena kuti kakweredwe ka mzere, ikhale yofanana.

Apa zinayenda msanga. Kuchoka pa A kupita pa B umayenda masitepe 4 chakumanja n'kukwera 2, ndiye gradient ndi 1/2. DC chimodzimodzi, 1/2. AD ndi BC zonse ndi 2. Pa gawo lachiwiri anazindikira okha kuti popeza parallelogram taitsimikiza kale, sipafunikanso kuyeza mbali zonse zinayi. Ziwiri zogundana zikwanira: AB ndi √20, AD ndi √20. Basi, mbali zonse zinayi n'zofanana, rhombus. Ndinawakumbutsa kuti mafunso a magawomagawo amakhala ngati makwerero, chomwe wapeza pa gawo loyamba ndi chopondera cha gawo lachiwiri, ndipo amene amayambiranso pansi pa gawo lililonse ndi amene nthawi imamuthera.

Chokoma chinachitika pa gawo lachitatu. Mnyamata wa njinga uja, pofuna kubweza ulemu wake, anaimika dzanja n'kunena kuti ndi sikweya, chifukwa gradient ya AB ndi 1/2 ndipo ya AD ndi 2, ina ndi inzake yotembenuzidwa, choncho pa A pali ngodya ya madigiri 90. Oposa theka anagwedeza mitu kuvomereza. Kunena zoona msampha umenewu ndinautchera dala posankha manambalawo, ndipo mumtima ndinasangalala kuti wagwira. Ndinangokhala chete. Kenako mtsikana wina wa pa desiki yachiwiri, amene chaka chonse sindinamumvepo akuyankhula mokweza, anati, "Nanga minus ili kuti?" Ukachulukitsa 1/2 ndi 2 umapeza 1, pomwe mizere yokumana pa madigiri 90 imayenera kupereka −1. Anawonjezera mfundo yomwe inandigwira mtima: mizere yonse iwiriyo ikukwera chakumanja, wina pang'onopang'ono, wina mwamphamvu, ndiye singapange ngodya ngati ya pakona pa nyumba. Kuti zitero, wina akamakwera, winayo azitsika. Anaziona pa chithunzi cha mnyamata yemwe uja, chomwe tinali titangochiseka.

Nditayang'ana m'kope mwake ndinapeza kuti iye anadzera njira ina. Anapeza midpoint ya AC, (4, 5), ndi ya BD, (4, 5). Ma diagonal, AC ndi BD, akudulana pakati, ndiye parallelogram. Gradient ya AC ndi 1, ya BD ndi −1, kuchulukitsa −1, ndiye akukumana pa madigiri 90, rhombus. Magawo awiri m'mizere yosapitirira sikisi, popanda square root ngakhale imodzi. Njira yake ndi yachidule kuposa yomwe ndinakonzekera ine, ndipo ndinanena zimenezo pamaso pa onse. Anabisa nkhope m'juzi.

Pa area, yomwe ndi theka la AC (√72) kuchulukitsa ndi BD (√8), panabuka kamkangano. Ndinabweza makakyuleta, ndipo nthawi yomweyo ena anasandutsa √72 kukhala 8.49, √8 kukhala 2.83, n'kupeza 12.01. Omwe anasiya ma root momwe alili anapeza 6√2 kuchulukitsa ndi 2√2, yomwe ndi 24, theka lake 12 ndendende. A 12.01 ankati kusiyana kwake n'kochepa, osadandaula. Pano mwina inde, koma pa funso loti uonetse kuti mbali ziwiri n'zofanana, 4.47 ndi 4.47 (√20 yofupikitsidwa) sizitsimikiza kanthu, chifukwa manambala awiri osiyana akhoza kufupikitsidwa n'kuoneka ofanana.

Tikupuma, wina anafunsa chifukwa chake malo ojambulapo ma graph timawatcha Cartesian plane. Ndinawauza za René Descartes, Mfalansa amene mu 1637 anasindikiza njira yosandutsira mizere ndi zojambula kukhala ma equation, ndi kuti mnzake wa dziko lomwelo, Pierre de Fermat, anatulukiranso zofananazo payekha m'zaka zomwezo. Pali kanthano koti Descartes anaganiza zimenezi atagona n'kumayang'ana ntchentche ikuyenda kudenga. Ndinawauza kuti ndi nthano chabe, koma onse anayang'ana kumalata. Ndinawaonetsanso kuti distance formula ndi Pythagoras yemwe uja wa ku Fomu 2 atangosintha malaya: 4 chopingasa, 2 chokwera, 16 kuphatikiza 4, √20.

Madzulo ano ndakhala pakhonde ndi makope 23 aja, ndipo chomwe chandiwawa ndi cholakwa changa. Makope 14 ali ndi manambala olondola koma alibe chiganizo chomaliza. Alemba 1/2 ndi 1/2, 2 ndi 2, n'kudumphira gawo lina osanena kuti ndiye zatanthauza chiyani. Ndine ndinawazoloweza, chifukwa kuyambira ali Fomu 3 ndakhala ndikuchonga ndikangoona nambala yolondola. Palinso nkhani ya chiyankhulo. M'Chichewa amafotokoza bwinobwino kuti popeza izi n'zofanana ndiye kuti mizereyi singakumane, koma ukati alembe ndi since ndi therefore, cholembera chimauma. Malikisi amodzi kapena awiri otayika chonchi pa funso lililonse ndi omwe amamutsitsa mwana kuchoka pa 6, yomwe ndi credit, kupita pa 7, yomwe ndi pass chabe, ndipo pofunsira malo ku yunivesite kusiyana kumeneko n'kwakukulu.

Lolemba aliyense adzayamba wanena chiganizo chake m'Chichewa mokweza, kenako n'kuchilemba m'Chingerezi. Ndakonzanso funso lopanda manambala: O(0, 0), A(a, 0), B(a + b, c) ndi C(b, c), aonetse kuti ma diagonal a parallelogram iliyonse amadulana pakati. Ndikudziwa kale kuti wina adzafunsa kuti a ndi zingati. Makope atatu atsala, koma kwada ndipo zala zauma ndi chisanu, ndiwamaliza mawa tikachoka ku tchalitchi.