Mmene ndinayezera timiyala tofiira ta kumunda kwa amalume

Mvula itangokata amalume anandiimbira kuti mphwanga tabwera udzaone, mumtsinje wa kumunsi kwa munda madzi akumba pagombe nde patuluka mwala wina uli ndi timaso tofiira. Kwathutu ndi ku Ntcheu, ndipo aliyense kumeneko amadziwa za rubi wa ku phiri la Chimwadzulu, nde mwala ukangofiira pang'ono anthu mtima uli m'mwamba. Amalume anali atatenga kale hamala kuti auphwanye, ndinawapempha kuti chonde amalume dikirani kaye ndifike.

Nditafika ndinayamba ndi kuuchapa ndi madzi a sopo ndi mswachi wakale. Mwala wake unali wotuwa, wonyezimira, ukamaukanda ndi chikhadabo umasendeka timapepala tating'ono ta mika, ndipo timaso tija tinali titamwazikana mkatimo ngati mtedza mu chigumu. Apa ndinayamba kale kuganiza za ganeti, mwala wina wofiira umene anthu amausokoneza ndi rubi, chifukwa mwala wa mtundu umenewu ndi umene amakonda kukhalamo. Koma chimene chinanditsimikizira ndi kaumbidwe. Ganeti amakhala wobulungira ngati kampira koma ali ndi mbali zosalala, nthawi zambiri 12, kapena 24, pomwe rubi amabwera ndi mbali 6 ngati kamgolo kapena kambale kophwatalala. Kamodzi kanali katatulukira bwino ndinakatembenuza padzuwa nkumawerenga mbalizo ndi chala, zonse zooneka ngati daimondi wa pa makhadi a juga.

Kuchotsa ndiye kumafuna kufatsa. Ndinagwiritsa msomali waukulu nkumagogoda mozungulira, kutali ndi diso, mpaka mika imasuke yokha. Ukamenya pafupi mphamvu ya hamala imalowa mkati nkung'alula mwalawo osaonekera kunja, umadzazindikira mochedwa ukauunika. Tinachotsa 23 tsiku limenelo, ina tinaitola mumchenga ndi sefa ndipo yamumchengayi inali yabwinoko chifukwa madzi anali ataswa kale yofooka.

Kenako kukanda. Ndinatenga botolo nkukandapo, mzere unatsala woti chala chikuumva, chifukwa pa muyeso wa kulimba kwa miyala, umene umayambira pa 1 kulekeza pa 10, galasi lili cha mma 5.5 pomwe ganeti ali pakati pa 6.5 ndi 7.5. Koma izi sizikwanira, mwala woyera wamba uja wa kwatsi nawonso umakanda galasi. Rubi ali pa 9, amakanda kwatsi mosavuta, athuwa anangoterera osasiya kanthu kooneka. Amalume nkhope inagwa pamenepo, anangoti nde si rubi eti, ndinati ayi amalume koma tiyeni timalize.

Maginito ndi amene ndimawakonda kwambiri. Osati a pa chitseko cha fuliji, amafunika amphamvu aja a mu hard drive ya kompyuta yakufa. Ganeti wofiira amakhala ndi chitsulo chambiri mkati mwake nde ukayika pa tebulo losalala nkuyandikitsa maginito amatsatira, tating'ono tina timadumpha kukamata. Galasi lofiira kapena rubi sizipanga zimenezo. Athu onse anatsatira.

Kulemera ndinayeza ndi kasikelo ka mthumba kowerenga mpaka 0.01 g. Mwala wokha unali 3.12 g, kenako ndinaika kapu ya madzi pasikelo, kubweza pa ziro, kumanga mwala ndi ulusi nkuumiza osagunda pansi kapena mmbali, inawerenga 0.80. Ukagawa 3.12 ndi 0.80 ukupeza 3.9, kutanthauza kuti mwalawo ukulemera ka 3.9 kuposa madzi ofanana nawo kukula, zimene zikugwirizana ndi ganeti, kwatsi akanapereka 2.65. Apa nkhani yoti ndi ganeti inatha.

Tsopano funso lenileni linali loti kodi muli wogulitsika, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri kwathu amapwetekera mtima, amanyamula thumba lonse kupita nalo mtauni kuwononga thiransipoti nkukauzidwa kuti palibe kanthu. Ganeti ngochuluka padziko, wambiri amathera kupangira sandipepa ndi mchenga wodulira zitsulo ndi madzi, wovala pa mphete ndi wochepa kwambiri. Nde tinalowa mnyumba nkutseka zenera, mwala uliwonse ndimaunyowetsa, kuuika pa tochi ya foni nkumautembenuza pang'onopang'ono. Yambiri kuwala sikumadutsa nkomwe, bii ngati makala, mmphepete mokha mofiira. Ina kumadutsa koma mkati muli ming'alu yong'anima ngati ayezi wosweka ndi timadontho takuda, wodula akangouika pa makina umagawanika. Ndinkaika milu iwiri, ndipo mulu wotaya unkangokula amalume ali chete pampando.

Yotsala ndinatuluka nayo panja nkuiika pa pepala loyera pamthunzi, opanda tochi. Ichi musadumphe chonde, chifukwa tochi imakometsa mwala uliwonse koma munthu wovala mphete sayenda ndi tochi. Mwala ukaoneka wakuda papepala, ukadulidwa udzakhalanso wakuda. Pa 23 ija panatsala iwiri yokha imene inaonetsa mtundu wake yokha, kufiira kopita ku pepo ngati madzi a chidede osungunula, mtundu umene ogula amautcha rhodolite ndipo amaufuna kuposa wofiira wodera uja.

Ukulu nawo ndinawafotokozera amalume kuti asawerengere molakwika. Galamu imodzi ndi makarati 5, koma podula mbali yaikulu imathera fumbi, kotsala nthawi zambiri sikafika ngakhale theka. Wa 3.12 uja unali ndi mng'alu mbali imodzi nde gawo loyera linali ngati nsawawa imodzi basi, winayo anali wochepa koma woyera yense.

Iwiriyo ndinaikulunga payokhapayokha mu tishu kuti isakandane, ndikupita nayo ku Geological Survey, ofesi ya boma yofufuza za miyala, ku Zomba akaione ndi zipangizo zawo tisanalankhule ndi wogula aliyense, ndikafunsanso za layisensi ya migodi ing'onoing'ono chifukwa amalume ndawauza kuti asakumbe dzenje mapepala asanabwere. Pakali pano akungosefa mchenga wa pa khona pamene madzi amabwerera, ndipo foni yawo ya mabatani ili ndi tochi nde usiku uliwonse akumandiimbira kundiuza kuti lero yadutsa kuwala ingati.