Lachitatu: azakhali, sikelo ndi tepi ya namwino

Lero ndinaperekeza azakhali kuchipatala kukatenga mankhwala a BP. Asanalowe kwa dokotala, namwino anawakweza pa sikelo, kenako anawaimika kukhoma n'kuwayeza msinkhu. Makilogalamu 78, kutalika mamita 1.58. Anadinadina pa foni yake n'kulemba m'buku lawo la kuchipatala kuti BMI 31. BMI ndi nambala yoonetsa ngati kulemera kwa munthu kukugwirizana ndi kutalika kwake.

"Mayi, thupi lachuluka," anatero.

Azakhali anaseka chikhakhali. "Mwanangu, kumudzi akandiona chonchi amati ndikudya bwino. Ukufuna ndionde kuti anthu ayambe manong'onong'o?" Pamenepo sananame ayi. Kwathu kuno munthu akaonda mwadzidzidzi, palibe amene amaganiza kuti wachepetsa nsima. Maganizo a anthu amathamangira ku matenda aja.

Tili pa benchi ndinawerengera ndekha. Umachulukitsa kutalika kwako m'mamita ndi kutalika komweko, kenako kulemera kwako umakugawa ndi chimene wapezacho. Kwa azakhali ndi 78 kugawa ndi 2.5, n'kutuluka 31 uja. Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, wosafika 18.5 ndi woonda kwambiri, kuyambira 18.5 mpaka 24.9 ali bwino, 25 mpaka 29.9 wapitirira, ndipo 30 kupita m'mwamba ndi kunenepa koika moyo pachiswe.

Ine nambala imeneyi sindiikhulupirira kwathunthu. Anaiyambitsa ndi Adolphe Quetelet wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1830, ndipo iyeyo anali katswiri wa masamu, osati dokotala. Ankafuna kudziwa kukula kwa munthu wamba pagulu la anthu a ku Ulaya, osati kuyeza wodwala mmodzi. Dzina loti BMI linadza mu 1972 ndi Ancel Keys wa ku America. Vuto lake, silisiyanitsa mafuta ndi minofu. Msuweni wanga amene amatsitsa matumba a chimanga pamsika, thupi lake nyama yokhayokha, angaikidwe m'gulu la onenepa pomwe mimba alibe n'komwe.

Chimene chinandigwira mtima ndi tepi. Namwino anaikulunga m'chiuno mwa azakhali, chapamchombo: masentimita 96. Anati chiuno chisamafike theka la kutalika kwa munthu, ndiye kwa iwowo chisafike 79. Mafuta a m'mimba ndi amene amayenda limodzi ndi shuga ndi BP, anatero, pomwe a m'matako ndi m'ntchafu savuta chotero. Apa azakhali sanasekenso. Nambala ya 31 inali ya m'buku, koma mimba ndi yawo, amaiona tsiku lililonse akamamanga chitenje.

Mchemwali wanga wa ku Leicester, ku England, nditamuuza pa WhatsApp, anati kumeneko anthu akuda ndi amwenye amawaikira malire a BMI otsikirapo, 23 ndi 27.5 m'malo mwa 25 ndi 30, poti shuga amawagwira asananenepe kwenikweni. Izi sindinawauze azakhali, za lero zinali zitakwana.

Madzulo tinakambirana ngati pamsika. Avomera kuthira masipuni awiri a shuga mu tiyi m'malo mwa anayi, komanso kupita kutchalitchi wapansi, osakwera kabaza. Mandasi akuti aziwaona Loweruka lokha. Nditatchula za mitanda ya nsima anandiyang'ana, n'kuti, "Iwe, umenewo ndiye mwano tsopano."