Ulendo wathu wa ku Gulupu: za malungo ndi ubongo wa ana

Tinanyamuka ku Mulanje kusanache, alezi 12 a sukulu za mkombaphala, titathithikana m'minibasi imodzi. Tinkapita ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre kukamva za kafukufuku wa malungo ogwira ubongo wa ana. Ine ndinanyamula funso langalanga. Kamnyamata kena ka pasukulu pathu kanadwala malungo dzinja lapitali, kanachira, koma kanabwerera katasinthiratu. Kulankhula kunachepa, ukali unachuluka, ndipo m'mudzi ena anayamba kunong'onezana za ufiti.

Anatilandira anamwino achikulire, odekha bwino. Iwo ndiwo anatifotokozera za Dr Terrie Taylor, dokotala wa ku Michigan State University ku America, amene anafika kuno mu 1986. Kuyambira pamenepo akhala akubwera chaka ndi chaka nyengo ya mvula, malungo akavuta. Pamodzi ndi Prof Malcolm Molyneux anakonza njira yoyezera kukomoka kwa mwana, yotchedwa Blantyre Coma Score, yomwe lero ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri.

Anamwinowo anationetsa pa chidole mmene amayezera. Amaona ngati maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake, kenako amakanikiza pachikhadabo kuti aone ngati mwana athawitsa dzanja, ndi kumvetsera kulira kwake. Mwana watcheru amapeza malikisi onse 5. Akapeza 2 kapena kucheperapo, ndiye kuti zafika poipa. M'chipindamo munangoti zii, poti ambiri a ife tinawagwirapo m'manja ana otere.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi kupirira kwa Dr Taylor. Kwa zaka zambiri madokotalawa ankaona ana akusiya kupuma osadziwa bwinobwino chikuwapha. Makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi, anafika pachipatalachi mu 2008, ndipo mu 2015 Dr Karl Seydel, Dr Taylor ndi anzawo anatulutsa zimene anapeza pa ana 168. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Ubongo ukatupa umasowa kolowera m'chigaza, ndiye umapanikiza mbali yoyendetsa kupuma. Tangoganizani, pafupifupi zaka 30 munthu akulondola funso limodzi!

Ndinaimika dzanja n'kufunsa za ana amene amapulumuka. Anandiyankha kuti ena amatsala ndi khunyu, ena amachedwa kulankhula kapena kuyenda, ena khalidwe limasintha, chifukwa matendawa amagunda ubongo pa nthawi imene ukukula mofulumira. Mwana wotere safunika kukalipiridwa ayi, koma kubwerera naye kuchipatala, kumulankhula, kumuyimbira ndi kusewera naye tsiku lililonse.

Pobwerera anzanga ankayimba, ine phee pawindo. M'mawa mwake ndinalawirira kwa amayi ake a kamnyamata kaja. Ndinawapeza akusesa pabwalo, ndipo tinapangana kuti Lachinayi tipite nako limodzi kusikelo, atenge ndi buku lake lakuchipatala.