Chokoleti chimene azakhali anati chasasa

Pa Khirisimasi yapitayi tinakumana pakhonde pa azakhali athu ku Zomba patatha zaka zingapo tisanaonane tonse pamodzi, ndipo monga zimakhalira abale akachokera kunja, aliyense anatsegula chikwama chake n'kutulutsa zimene anatitengera. Achemwali anga, amene amagwira ntchito ya unamwino ku Manchester, anabweretsa chokoleti cha ku Britain. Msuweni wathu, mwana wa azakhaliwo amene akuphunzira ku Indiana, anabweretsa cha ku America, ndipo ine, posafuna kufika chimanjamanja, ndinali nditagula changa m'sitolo ina ku Blantyre, chimene papepala lake panalembedwa kuti chinapangidwa ku South Africa.

Azakhali ananyema kachidutswa ka chokoleti china cha ku America n'kukasiya palilime kwa kanthawi, kenako anakwinya nkhope n'kutembenukira kwa mwana wawo. "Kodi mwanawe, zimenezi zakhalitsa m'chikwama? Bwanji zikumveka ngati mkaka wosasa?" Iye anaseka n'kuyankha kuti, "Ayi amayi, sichinaonongeke. Kumeneko chimakoma choncho, ndipo eni ake amachikonda chili chomwecho." Tinayang'ana deti la papepala n'kupeza kuti kunali kudakali miyezi yambiri kuti chithe mphamvu, koma azakhali sanakhutire, ndipo kunena zoona ngakhale ine ndinakamva kakuwawasa kaja kumapeto kwa lilime.

Gwero la kusiyanaku ndi mkaka. Mkaka uli ndi madzi ambiri, pamene koko wogayidwa ali ndi mafuta ambiri, ndipo ziwirizi sizisakanikirana mosavuta, kotero aliyense amene ankafuna kupanga chokoleti cha mkaka ankayenera kupeza kaye njira yochotsera madziwo. Woyamba kupambana anali Daniel Peter wa ku Vevey m'dziko la Switzerland, amene mu 1875 anagwiritsa ntchito mkaka wa kondensi, ndipo mu 1879 Rodolphe Lindt anatulukira makina otakasa chokoleti kwa maola ambiri mpaka chisalale, n'chifukwa chake chokoleti cha dziko limenelo chimaterera pakamwa mosasiya timisere. A ku Britain anazolowera njira ina, yophika mkaka, shuga ndi koko pamodzi mpaka ziume n'kukhala zibuluma zimene amadzazigayanso pambuyo pake, ndipo kuphikako kumasiya kakomedwe kofanana ndi ka mkaka wa shuga umene wagwirira pang'ono pansi pa poto. Ndiko kakomedwe ka Cadbury Dairy Milk, chimene chinayamba kupangidwa ku Bournville mumzinda wa Birmingham mu 1905.

Milton Hershey wa ku Pennsylvania, amene anayamba kugulitsa chokoleti chake cha mkaka mu 1900, anapeza njira yakeyake imene kampani yake imaisunga mwachinsinsi mpaka lero. Akatswiri ambiri a zakudya amati kuwawasa kumene kumadziwika ndi chokoleti chimenechi kumachokera ku asidi wotchedwa butyric acid, amene amatuluka mafuta a mumkaka akayamba kuphwanyika. Asidi yemweyu amapezeka m'tchizi cha Parmesan, m'batala wokhalitsa, komanso m'masanzi, ndipo apa m'pamene pamachokera mawu achipongwe amene anthu a ku Ulaya amanena akalawa chokoleti cha ku America. Ine chipongwecho sindichivomereza, chifukwa munthu amene anakulira chambiko ndi thobwa logonera alibe pogwira kuti aseke mnzake wokonda zowawasa. Mlendo akafika ku Nkhata Bay n'kumva fungo la chinangwa choviikidwa amatha kubwerera m'mbuyo, pamene mwana wa kunyanja akasowa kondowole kwa sabata imodzi amati sanadye. Mwana wa ku Pennsylvania nayenso anayamba kumva kakomedwe kaja ali wamng'ono, ndipo kwa iye ndiko kukoma kwa chokoleti chenicheni.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri tsiku limenelo n'chakuti pa tebulo panali mapepala atatu a mtundu wofanana, onse olembedwa dzina la Cadbury, koma zamkati mwake zinali zosiyana. Cha ku America sichinachokere ku Britain ayi, popeza kuyambira mu 1988 kampani ya Hershey ndiyo ili ndi chilolezo chopanga ndi kugulitsa chokoleti cha dzinali m'dzikolo, ndipo mu 2015 inagwirizana ndi kampani ina yoitanitsa katundu kuti isiye kubweretsa cha ku Britain, zimene zinakwiyitsa kwambiri anthu a ku Britain okhala kumeneko. Titatembenuza mapepalawo tinaona kuti pa mndandanda wa zosakaniza, umene umayamba ndi chinthu chochuluka kuposa zonse, cha ku Britain chinayamba ndi mkaka pamene cha ku America chinayamba ndi shuga. Changa chija chinachokera ku fakitale ya ku Gqeberha, mzinda umene ambiri timaudziwabe kuti Port Elizabeth, ndipo ndicho chimene pakamwa panga panachilandira ngati chachizolowezi, popeza ndi chomwe ndakhala ndikudya kuyambira ndili mwana.

Malamulo nawonso ali ndi mbali yake, chifukwa mayiko sagwirizana ngakhale pa tanthauzo la mawu akuti chokoleti. Ku America, bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala lotchedwa FDA limalola kuti chinthu chitchedwe chokoleti cha mkaka ngati muli koko wogayidwa wosachepera 10 peresenti. Mayiko a mu European Union amafuna 25 peresenti, koma Britain, isanatuluke mumgwirizanowu mu 2020, pamodzi ndi Ireland analoledwa kusunga chawo cha koko 20 peresenti ndi mkaka 20 peresenti, chimene chikamagulitsidwa m'mayiko ena a mgwirizanowo chimayenera kutchedwa dzina lina losonyeza kuti ndi cha banja lonse. Mkangano umenewu unayamba mu 1973 pamene Britain inalowa mumgwirizanowo, ndipo unatha mu 2000, patadutsa zaka pafupifupi 30 akuluakulu a maboma akukokanakokana pa nkhani ya switi. Gwero lenileni la mkanganowo linali mafuta. Mayiko monga Belgium ndi France ankaumirira kuti m'chokoleti musalowe mafuta ena kupatula a koko, pamene Britain inazolowera kuthiramo mafuta a zomera zina. Pamapeto pake anagwirizana zolola mafuta oterowo mpaka 5 peresenti, kuchokera ku zomera zisanu ndi chimodzi zokha, kuphatikizapo kanjedza wa mafuta, mtengo wa shea wa kumadzulo kwa Africa ndi nthangala za mango. Côte d'Ivoire ndi Ghana, mayiko amene amalima pafupifupi theka la koko yense wa padziko lapansi, sanakondwe nazo, chifukwa mafuta alionse olowa m'malo mwa a koko amachepetsa malonda a mlimi wawo. Chosangalatsa n'chakuti pa mfundo imeneyi America ndiye wokhwimitsa zinthu, popeza kumeneko chinthu chothiridwa mafuta ena sichiloledwa kutchedwa chokoleti. Amene amaganiza kuti Ulaya ndi wokhwima pa chilichonse ndipo America ndi wolekerera pa chilichonse sanawerenge malamulowo bwinobwino.

Umboni wake unatuluka m'chikwama cha achemwali anga, amene anatengera ana mazira a chokoleti a Kinder Surprise, aja okhala ndi kachidole mkati. Msuweni wathu atawaona anati akanati awatenge pobwerera kusukulu, akanamulanda pabwalo la ndege. Lamulo la ku America la mu 1938 loona za zakudya ndi mankhwala limaletsa kubisa chinthu chosadyedwa mkati mwa switi, poopa kuti mwana angatsamwe nacho, kotero dzira limeneli, limene kampani ya Ferrero ya ku Italy inayamba kupanga mu 1974 ndipo ana a ku Ulaya akula nalo, kumeneko ndi katundu woletsedwa. Chimene chimaloledwa kuyambira mu 2017 ndi Kinder Joy, chimene chili ndi mbali ziwiri zomatidwa payokhapayokha, ina ya chakudya ndi ina ya chidole. Ku Ulaya anasankha kungolemba chenjezo lakuti chidolecho si cha ana osakwana zaka zitatu n'kusiya udindo m'manja mwa makolo. Dziko la Chile nalo linaletsa dzirali mu 2016, koma pa chifukwa chinanso, chakuti chidole chisamagwiritsidwe ntchito ngati nyambo yokopera ana ku zakudya za shuga wambiri. Kadzira kamodzi komweko, dziko lina likuopa kutsamwa, lina likuopa kunenepa kwa ana, ndipo ena sakuonapo choopsa.

Pa nkhani ya utoto wopaka maswiti zinthu zimatembenuka. European Union inaletsa titanium dioxide m'zakudya mu 2022, ufa woyera umene umawalitsa chikopa cha maswiti ena a chokoleti, pamene ku America ndi ku Britain ukuloledwabe. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Southampton wa mu 2007 anachititsanso kuti zakudya zokhala ndi mitundu isanu ndi umodzi ya utoto zizilembedwa chenjezo lakuti zingasokoneze kukhazikika kwa ana, ndipo makampani ambiri anaona kuti n'kwabwino kusintha utotowo kusiyana ndi kulemba mawu otere pa switi. Achemwali anga amakumbukira nthawi imene Smarties wa buluu anasowa ku Britain mu 2006, mpaka anabwereranso mu 2008 atapakidwa utoto wochokera ku ndere za m'madzi zotchedwa spirulina.

Lamulo limene limandikhudza kwambiri ndi la cadmium, chitsulo chapoizoni chimene mtengo wa koko umayamwa m'nthaka ndipo chimaononga impso chikachuluka m'thupi kwa zaka zambiri. Kuyambira pa 1 Januwale 2019, European Union inaika malire a mamiligalamu 0.10 pa kilogalamu ya chokoleti cha mkaka cha koko wochepa, ndi 0.80 pa chokoleti chakuda cha koko 50 peresenti kapena kuposa. Nthaka ya madera ena a Peru ndi Ecuador ili ndi chitsulochi mwachilengedwe, kotero mlimi amene sanalakwe kanthu anangodzuka n'kupeza kuti koko wake akukanidwa kumsika umene ankaudalira. Alimi a mtedza a ku Mchinji ndi Kasungu angamumvetse mlimi ameneyu popanda womasulira, chifukwa nawonso anakumana ndi malire a poizoni wa chuku, amene ku Ulaya ndi mamaikulogalamu 4 pa kilogalamu ya mtedza wodya nthawi yomweyo, pamene ku America ndi 20. Sindikunena kuti malirewo ndi olakwika, popeza chuku chimadwalitsadi chiwindi, koma amene amalemba manambalawa ndi wogula, ndipo mtolo wake umagwera wolima.

Kukhwima kwa malamulo sikutseka mabowo onse. Mu 2022, Isitala atayandikira, chokoleti chochokera ku fakitale ya Ferrero ya ku Arlon m'dziko la Belgium chinachotsedwa m'masitolo a mayiko ambiri chifukwa cha tizilombo ta salmonella, timene timakhala moyo nthawi yaitali m'chakudya chouma ndi cha mafuta, ndipo ambiri mwa odwala anali ana aang'ono. Chimene chinathandiza n'chakuti panali njira yotsatira katunduyo ndi kulengeza kuti abwezedwe. Kwathu kuno katundu wolowa mwa dongosolo amaunikidwa ndi Malawi Bureau of Standards, koma chokoleti chochuluka chimene timadya pa zikondwerero chimabwera m'zikwama za abale ndi za ochita malonda odutsa pa Mwanza ndi pa Dedza, ndipo chilengezo cha ku Ulaya sichifika kwa munthu amene akugulitsa pa benchi padzuwa la mu Okutobala. Dzuwalo limasungunula mafuta a koko, amene salimba kutentha kukafika pa madigiri 34, ndipo akaumanso amasiya zoyerayera pamwamba zimene ambiri amaziyesa chuku, ngakhale kuti ndi mafuta chabe ndipo sizidwalitsa.

Madzulo a tsiku lija azakhali anasonkhanitsa zotsala m'chitini cha mabisiketi, cha ku Britain n'kuchiika pansi kuti azimwera tiyi okha, ndipo cha ku America anachipereka kwa adzukulu, amene anachimaliza nthawi yomweyo osatchulako za mkaka wosasa. Kachidole ka m'dzira kaja anakalanda m'manja mwa mdzukulu wawo wa zaka ziwiri, amene anali atayamba kale kukalowetsa m'kamwa, n'kukamanga pa mfundo ya chitenje chawo.